Usipa umagwidwa mumdima, ndipo mumdimamo muli anthu

Aliyense amene anagonapo ku Senga Bay, ku Msaka, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay pa masiku opanda mwezi amazidziwa nyali zija. Dzuwa likangolowa zimayamba kuoneka imodziimodzi, kenaka zimandandalika kutali mpaka maso osatha kuziwerenga. Alendo amazijambula n'kumakumbutsana za David Livingstone, amene amati ndiye anaitcha nyanja ya nyenyezi. Livingstone yemweyo, ataiyenda pa boti mu 1861 n'kulawa ukali wake, anaitchanso nyanja ya anamondwe, koma zimenezo sizilembedwa pa zikwangwani za malo ogona alendo. Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanjayi, m'boma la Nkhotakota, ndipo ndikaziona nyali zimenezi mtima sukhala m'malo. Pansi pa nyali iliyonse pali munthu, mwana wa winawake, atakhala m'bwato losema ku mtengo umodzi, pamwamba pa madzi amene kumpoto amazama mpaka mamita 700.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthuwa amakhala kumeneko usiku, muyenera kudziwa kagwiridwe ka usipa. Usipa umatsata kuwala. Gulu la asodzi pafupifupi khumi limanyamuka madzulo ndi boti la matabwa la injini, litanyamula kapena kukoka mabwato ang'onoang'ono pamodzi ndi ukonde wa chilimira. Akafika pamalo, mmodzi amene amamutcha siginala amatsikira m'bwato lake yekha, n'kuyatsa nyali. Kale zinali nyali zopopa za parafini, masiku ano ambiri ali ndi mababu oyendera batire. Siginala amakhala phee kudikira, kuyang'ana m'madzi, mpaka ataona kuti nsomba zasonkhana pansi pake. Akatero amaitana anzake aja, amene amatchedwa alovi, kuti azungulize ukonde n'kuyamba kukoka. Usodzi umenewu ndi umene amati kauni, ndipo utaka nawo umagwidwa chimodzimodzi.

Tsono vuto lili apa. Mwezi ukawala kwambiri nyali za siginala zimasowa mphamvu, usipa umabalalika, ndipo ambiri amapumula. Masiku amene ntchito imalipira ndi amene kuli mdima wa ndiweyani. Ndiye kuti usodzi wa nsomba imene Amalawi ambiri timadya, kuyambira usipa wofutsa wa m'misika ya ku Lilongwe mpaka bonya wa pa kantini ya kumudzi, unamangidwa pa usiku woopsa kwambiri pa mwezi uliwonse. Msodzi sasankha mdima chifukwa cha kupusa kapena kudzitama. Mdima ndiwo munda wake.

Komanso nsomba za kufupi ndi gombe zinachepa. Amalume anga, amene anapalasa bwato moyo wawo wonse, ankanena kuti pa unyamata wawo ankaponya ukonde akumva agalu a kumudzi akuuwa. Anyamata a lero amathira petulo m'zigubu zingapo n'kuyenda maola, mpaka mapiri a kwawo atazimirira. Kutalika kwa ulendo kumawonjezera zonse: mafuta angathe, injini ingazime, ndipo mphepo ikasintha gombe lili kutali.

Munthu amene sanakhalepo pakati pa nyanja usiku amaganiza kuti mdima umangobisa njira. Umalanda zambiri kuposa pamenepo. Masana msodzi amawerenga nyanja ndi maso. Amaona mtambo ukudera mbali ina, amaona madzi akusintha mtundu kutali, amaona timafunde toyera tikuyamba kuswekera pamwamba, ndipo amadziwa kuti yakwana nthawi yokoka ukonde n'kuthawa. Usiku zizindikiro zonsezi kulibe. Mphepo amayamba kuimva itafika kale pakhungu. Ndiponso funde, kuti lisakugubuduze, umayenera kuliona likubwera n'kulilozetsa mutu wa bwato. Likakupeza cham'mbali basi, madzi adzaza. Mumdima funde umalimva ndi makutu okha, ndipo injini ikamalira ngakhale makutuwo sathandiza.

Nyali zimene zimaitana usipa nazo zimapha maso. Munthu amene wakhala maola akuyang'ana babu lowala akacheuka saona kanthu, ngakhale boti litamuyandikira. Mabwato ambiri opita kukatchera kapena kukavuula matchera amayenda opanda nyali iliyonse, ndipo boti la injini lothamangira kumsika wa m'mawa likhoza kuliwomba bwato lotere woyendetsa osadziwa n'komwe chimene wagunda. Pali miyala yobisika pafupi ndi zilumba, pali zingwe za maukonde a anthu ena zimene zimakola injini. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje, monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe, ndiponso ku Malombe ndi kumene Shire amatulukira, kuli mvuu, zimene usiku ndiyo nthawi yake yoyenda kupita kukadya kumtunda ndi kubwerera. Ng'ona nazo sizigona.

Za mphepo ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi imene imapha ambiri. Anthu a kunyanja amaitchula ndi mayina malinga ndi kumene ikuchokera: mwera wa kummwera, mpoto wa kumpoto, vuma wa kum'mawa, zambwe wa kumadzulo. Woopedwa kwambiri ndi mwera, umene umalimba m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita pafupifupi 580 kuchokera kummwera kufika kumpoto, pamene m'lifupi, pamalo otambalala kwambiri, ndi makilomita 75 okha. Mwera umawomba motsata utali umenewu popanda chouletsa, ndiye funde limene layamba laling'ono ku Mangochi limanka likula ulendo wonse. Pofika ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay limakhala lotalika kuposa munthu woimirira. Mwera ukhoza kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo pamene wakhala ngati wagona m'pamene umanyenga anthu. Asodzi amene akhala pagombe masiku osapeza ndalama amaona bata la madzulo n'kunena kuti tiyeni, kenaka pakati pa usiku mphepo ija n'kudzukanso.

Nyengo ya mvula ili ndi zake. Usiku mtunda umazizira msanga kuposa madzi, choncho mphepo yozizira imatsika m'mapiri a mbali zonse ziwiri n'kukakumana pakati pa nyanja, pamene mpweya wofunda ndi wachinyezi ukukwera. Mitambo ya mabingu imabadwira pomwepo, pamwamba penipeni pa asodzi, nthawi zambiri pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Pa nyanja ya Victoria akatswiri a zanyengo anazifufuza kwambiri zimenezi, ndipo bungwe la Red Cross linayerekeza kuti asodzi pakati pa 3,000 ndi 5,000 ankafa chaka chilichonse kumeneko. Nyanja yathu nayo ndi yaikulu, yofunda, yozunguliridwa ndi mapiri, ndipo amene anakhalapo pagombe mu Januwale anaziona mphezi zikung'anima pakati pa madzi kumtunda kuli nyenyezi.

Ukali wa nyanjayi sunayambe lero, ndipo susankha kukula kwa chombo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Florence Bay, cha ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Mpaka pano palibe ngozi ya pamadzi m'dziko muno imene inaposa imeneyo. Ngati chitsulo chachikulu chotero chinalephera, nanga bwato la mtengo? Mu Juni 2012 boti lodzaza ndi anthu ochokera ku Ethiopia, amene ankadutsa mobisa pa ulendo wofuna moyo wabwino kummwera, linamira usiku m'boma la Karonga, ndipo mitembo 47 inavuulidwa. Amene anawakweza anasankha usiku kuti asaonedwe, ndipo kusaonedwa komweko ndi kumene kunachititsa kuti pasapezeke wowapulumutsa. Pa Isitala ya 2017, ku Mlowe m'boma la Rumphi, boti limene linanyamula anthu pafupifupi 80 ochokera kumapemphero linagubuduzika, mabanja ambiri n'kulira. Ngozi zimenezi zinamveka pa wailesi chifukwa anthu anali ambiri. Za siginala mmodzi amene sanabwerere, kapena alovi atatu a pa doko lina, zimathera pa mudzi pomwepo.

Asodzi ali ndi chifukwa chokhalira panyanja usiku. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi maboti onyamula anthu, chifukwa iwo nthawi zambiri amalowa mumdima popanda chifukwa china koma kudikira kuti adzaze. Chaka china ndinali pa ulendo wa maliro, kuchokera ku gombe lina la ku Salima kupita tsidya la kum'mawa. Anatiuza kuti tinyamuka dzuwa likapendeka. Tinakhala pamchenga kuonerera katundu akulowa: matumba a simenti, matumba a chimanga, makireti a zakumwa, malata, njinga yamoto, kenaka anthu. Pamene ankaliza injini dzuwa linali litafiira, ndipo nditatsitsa dzanja kunja kwa boti zala zinakhudza madzi ndisanapinde n'komwe chigongono. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane, mdzukulu ali pamiyendo, anafunsa woyendetsa kuti, "Achimwene, katunduyu sanachuluke kodi? Kwada kale uku." Iye anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Amayi, musade nkhawa, njira iyi timayenda tsiku ndi tsiku." M'boti monse munalibe jekete yoyandamitsa munthu ngakhale imodzi. Nyali inali tochi ya pa foni ya mnyamata amene anakhala kutsogolo.

Titafika pakati mphepo inayamba, osati yaikulu, koma yokwanira kuti funde lililonse lizitithira madzi. Mnyamata wina ankakapa ndi chigubu chodula pakamwa, osapuma, ndipo phokoso la chigubucho chikukhula pansi pa boti ndimalikumbukira kuposa la injini. Anthu anasiya kucheza. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi koma inafera m'kamwa. Funde lina lalikulupo litamenya, anthu a mbali imeneyo anadzambatuka kuthawira mbali inayo, boti n'kupendekeka mpaka madzi kulowera pamwamba pa thabwa. Woyendetsa anakuwa kuti, "Khalani pansi nonse! Wina asaimirire!" Mawu amenewo ndiwo anatipulumutsa, chifukwa maboti ambiri amagubuduzidwa ndi anthu a m'kati momwemo akamathawira mbali imodzi. Tinafika, koma mayi uja atatsika anakhala pamchenga nthawi yaitali osayankhula, atamukumbatira mwana uja.

Woyendetsa uja sanali munthu woipa, ndipo nyanja ankaidziwa. Koma mawu akuti timayenda tsiku ndi tsiku ndi amene amanenedwa pa doko lililonse, ndipo amakhala oona mpaka tsiku limene boti silifika. Mwini boti amawerengera mitu ndi matumba, chifukwa petulo ndi wodula ndipo ulendo wosadzaza ndi wotaya ndalama. Wokwera naye alibe mphamvu yokana, poti boti lina kulibe ndipo maliro kapena chipatala sizidikira. M'madera ngati Usisya ndi Ruarwe, kumene mapiri amagwera m'nyanja ndipo misewu ndi yovuta, kapena pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kapena ku Chisi pa nyanja ya Chilwa, madzi ndiwo msewu. Mayi amene matenda a uchembere amuyamba pakati pa usiku sangauzidwe kuti adikire kuche.

Boti likagubuduzika usiku, chimene chimapha ndi kusapezeka. Madzi a nyanja yathu si ozizira kwambiri, ndipo anyamata ambiri a kugombe amasambira bwino. Koma usambira kulowera kuti? Gombe silioneka. Nyali imene ukuiyesa ya kumudzi ikhoza kukhala ya siginala wina amene ali kutali pakati. Mutu wa munthu pakati pa mafunde ndi wovuta kuuona ngakhale masana, ndipo mawu amamezedwa ndi mphepo. Munthu amasambira mpaka mikono kulema, tsemwe la mu Juni kumugwira, n'kumira ali katswiri wosambira. Akuluakulu a panyanja amalangiza chinthu chimodzi: usalisiye bwato. Bwato la mtengo ngakhale litadzaza madzi kawirikawiri limayandamabe, ndipo kukacha ofunafuna amaliona msanga kuposa munthu. Chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chapulumutsa anthu ambiri. Ena injini ikawafera amatengedwa ndi mphepo masiku, n'kukapezeka ku gombe la Mozambique kapena la Tanzania, abale atayamba kale kusonkhana.

Kugombe nako usiku wotero ndi wautali. Kukamacha amayi ogula usipa amakhala atafika ndi mabeseni, mathandala ali okonzeka. Maboti amabwera limodzilimodzi, ndipo aliyense amadziwa la ndani lafika, la ndani silinafike. Dzuwa likakwera, funso limayamba kuyenda chapansipansi: kodi munawaona? Anali mbali iti? Amene amapita kukafunafuna ndi asodzi anzawo omwewo, otopa ndi usiku wonse, ndi petulo wosonkherana. Nthawi zina thupi limapezeka patapita masiku, kutali ndi kwawo. Nthawi zina silipezeka, ndipo banja limakhala ndi maliro opanda manda, mkazi osadziwa ngati adzitche wamasiye.

Ndimamva anthu a m'tauni akunena kuti asodzi ndi osamva, boma limachenjeza koma iwo amapitabe. N'zoona kuti nthambi yoona zanyengo imalengeza za mwera pa wailesi ndi pa mafoni, ndipo machenjezo amenewa ndi ofunika kwambiri. Koma taganizani amene amalandira chenjezolo. Mlovi alibe boti, alibe ukonde, alibe injini. Zonsezo ndi za bwana amene nthawi zambiri amagona kunyumba, ndipo mlovi amalandira gawo lake pokhapokha nsomba zikagwidwa. Akakana kupita, mawa malo ake alowa wina, poti anyamata ofuna ntchito pa doko ndi ambiri. Chisankho chopita kapena kusapita chili m'manja mwa munthu amene sadzanyowa, ndipo amene adzamira ndi amene alibe mawu. Tikamadzudzula, tiziyambira pamenepo.

Sindikuwayeretsa asodzi pa zonse. Mowa ulipo pa madoko, ndipo ena amanyamula timabotolo ta kachasu kapena chamba ati kuti athamangitse tulo ndi kuzizira. Munthu woledzera akagwera m'madzi usiku sabwerera. Ena amakana majekete, amati amatentha, amasokoneza pokoka ukonde, ndiponso amaonetsa ngati munthu ndi wamantha. Zimenezi ndazimva ndi makutu anga kwa anyamata amene ndinakula nawo, ndipo ndimawayankha kuti amantha omwewo ndi amene amalera ana awo.

Kuti malamulo angagwire ntchito pakati pa asodzi, umboni ulipo pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a ku Makanjira ya ku Salima akhala akutseka usodzi pa chilumbachi nyengo ya mvula, kuchokera mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa kumeneko. Wophwanya amathamangitsidwa. Anthu amakamba za Mbenji poyamikira kuti utaka wake ndi waukulu, koma ine ndimaonanso mbali ina: miyezi ya mphezi ndi anamondwe asodzi sakhala pa chilumbacho, ndipo amene ali pa ntchito amakhala osaledzera. Lamulo limeneli limamveka chifukwa eni ake ndi anthu a pomwepo, ndipo amene amalisunga amadziwa msodzi aliyense ndi dzina.

Malamulo a boma nawo alipo. Lamulo la zombo za pa nyanja ndi mitsinje la 1995 limapereka mphamvu ku nthambi ya zapamadzi yoyendera maboti ndi kuona za chitetezo chake, ndipo apolisi a pamadzi alipo, ku Monkey Bay ndi madoko ena akuluakulu. Koma gombe ndi lalitali, madoko ang'onoang'ono ndi mazanamazana, ndipo boti limene lagubuduzika pakati pa usiku kutali ndi Nkhotakota silingadikire thandizo lochokera ku Monkey Bay. Amene ali pafupi ndi makomiti a m'midzi ya kugombe, ma BVC aja, amene lamulo la usodzi la 1997 linatsegulira njira kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Makomitiwa amalanda maukonde oletsedwa ndi kusunga nyengo yotseka. Ndikufuna mphamvu yomweyo aigwiritsenso ntchito pa miyoyo ya anthu.

Zambiri zofunika si zodula. Mwini ukonde amene anakwanitsa kugula injini ndi chilimira sangalephere majekete khumi, ndipo komiti ikhoza kunena kuti boti lopanda majekete silichoka pa doko lino. Bwato lililonse loyenda usiku likhale ndi nyali yoonekera mbali zonse, ngakhale kababu kamodzi pa kamtengo, pakuti mabatire ali kale m'bwatomo. Nkhafi zisamatsale kumtunda chifukwa chodalira injini. Foni ikulungidwe m'pulasitiki n'kumangiriridwa pathupi, poti malo ambiri netiweki imafika ndithu. Ndipo pa doko pakhale kope, lolembamo boti lililonse lotuluka, anthu amene alimo ndi mbali imene alowera, kuti ofunafuna asamayambe ndi kufunsa kuti kodi anapita kuti dzuwa lili kale pamutu. Chenjezo la mwera likalengezedwa, komiti ndi mfumu atseke doko lonse, kuti mlovi asakhale yekha pokana bwana wake.

Za maboti onyamula anthu ndiye sindiona chokambirana. Nthawi yonyamuka ikhale yoti afike kusanade, ndipo ikadutsa agone, anyamuke m'mawa. Pa thabwa la boti pajambulidwe mzere woti madzi akaufika katundu wina atsike, ndipo woona mzerewo akhale wa komiti, osati kondakitala. Maulendo a usiku atsalire odwala okha, ndipo madera amene msewu wawo ndi madzi apatsidwe boti lolimba la chipatala, la nyali ndi majekete, loyendetsedwa ndi munthu wophunzitsidwa. Sukulu yophunzitsa za pamadzi ili ku Monkey Bay, ya usodzi ili ku Mpwepwe ku Mangochi, ndipo aphunzitsi a kumeneko akhoza kumafika pa madoko m'masiku a mwezi wowala, pamene alovi ndi asiginala ali pamtunda akusoka maukonde.